Funsani Tikuyankheni: Madrid m'Nyengo ya Chisanu

Makalata amene tasankha mwezi uno onse akuloza kumodzi, ku Madrid, likulu la dziko la Spain. Ena mwaitanidwa ndi ana, ena mukupita ndi ntchito, ena munabwerako kale koma pakamwa pakukumbukabe zimene munadya. Pamene kuno ku Harare mvula yakhazikika ndipo chimanga chili m'maondo, kumeneko ndi pakati pa chisanu.

FUNSO: Mwana wanga wandiitana kuti ndikakhale naye kuyambira pakati pa Disembala mpaka kumapeto kwa Januwale. Akungoti ndikonzekere chisanu. Ine Juni wa ku Harare ndamuona zaka zambiri, kodi pali chachilendo?
Mayi a ku Mufakose

YANKHO: Chilipo mayi, ndipo musachipeputse. Chisanu cha kuno ndi cha usiku ndi m'mawa. Mu Juni ndi Julaye kumacha kuli madigiri 6 kapena 7, koma ikamakwana 11 koloko mwavula juzi, mukuothera dzuwa pakhonde, ndipo masana kumafunda mpaka madigiri 21. Ku Madrid mu Januwale, masana enieni amangofika madigiri 10, usiku amatsikira pa 2 kapena 3, ndipo masiku ena madzi amaundana panja. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 600, ndipo chakumpoto kwake kuli mapiri a Guadarrama amene nyengo imeneyi amafunda chipale chofewa. Kamphepo kochokera kumeneko sikaomba mwaphokoso, kamangolowa m'mafupa mwakachetechete. Eni ake ali ndi mwambi woti mphepo ya ku Madrid imapha munthu koma nyali siizimitsa.

Ambiri amalakwitsa povala chijuzi chimodzi chokhuthala. M'nyumba, m'masitolo ndi m'sitima za pansi panthaka mumakhala motenthetsa, ndiye munthu amatuluka thukuta, akatuluka panja thukutalo limazizira pathupi, mawa lake chifuwa. Valani zosanjikiza zitatu: chamkati chogwira thupi cha manja aatali, juzi yopepuka, ndi jekete lotchinga mphepo loti mukalowa m'nyumba muvule. Onjezani sikafu, chipewa chophimba makutu ndi magolovesi. Nsapato zikhale za pansi pokhuthala, chifukwa chisanu chimakwera kuchokera pamiyala ya mumsewu. Mpweya wake ndi wouma, choncho Vaseline asasowe m'chikwama, apo ayi milomo ing'ambika.

Dziwaninso kuti tsiku ndi lalifupi. Kumapeto kwa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:30 m'mawa n'kulowa 6 koloko isanakwane. Wotchi mukaibweze ndi ola limodzi.

Za viza yambani msanga. Kaya pasipoti yanu ndi ya Zimbabwe kapena ya Malawi, mufunika viza ya Schengen, ndipo ofesi ya kazembe wa Spain ili konkuno ku Harare. Malipiro a munthu wamkulu ndi mayuro 90, ndipo amafuna inshuwalansi ya paulendo yokwanira kulipira chipatala mpaka mayuro 30,000. Mungathe kupempha kudakali miyezi 6.

FUNSO: Ndamva kuti chakudya cha chisanu kumeneko ndi cocido. Ndi chiyani, ndipo munthu amachidya bwanji kuti asachite manyazi pagulu?
Bambo a ku Highfield

YANKHO: Bambo, cocido madrileño ndi mphika umodzi umene umatulutsa mbale zitatu. Mumphikamo mumalowa tchana, nyama ya ng'ombe ya pamsongolo, thadzi lokhwima, nyama yamafuta ya nkhumba, mafupa, soseji yofiira yotchedwa chorizo, soseji ya magazi yotchedwa morcilla, kabichi, karoti ndi mbatatesi. Patebulo sizibwera pamodzi. Koyamba amakupatsani msuzi wokhawokha, ataphikiramo timaspageti tonga ulusi totchedwa fideos. Kachiwiri kumabwera tchana ndi masamba, kachitatu nyama. Iwo amati tres vuelcos, kutanthauza kukhuthula mphika katatu.

Mlendo amagwa pa mbale yoyamba. Msuzi umakoma, buledi ali pompo, munthu amaonjezera kawiri poganiza kuti chakudya n'chomwecho, nyama ikamafika mimba yadzaza kale. Imwani mbale imodzi yokha. Ngati mukufuna, siyani msuzi pang'ono wothirira tchana, palibe amene angakuyang'aneni.

Malo akale odziwika ndi chakudyachi ndi La Bola, amene anatsegulidwa mu 1870 ndipo amaphikira munthu aliyense m'kamphika kakekake kadothi pamakala, Lhardy a mu 1839, ndi Malacatín a mu 1895. Konseku muyenera kusungitsa malo kudakali masiku. Koma ngati thumba ndi lopepuka, ife tingakulangizeni malo odyera a m'makwalala wamba, kumene amalemba pabolodi menú del día. Pamtengo umodzi mumadya mbale yoyamba, yachiwiri, buledi, chakumwa ndi chotsitsira, ndipo ambiri amakhala ndi tsiku limodzi pasabata la cocido. Madzi a pampopi ku Madrid ndi abwino, ndipo lamulo limati akupatseni ulere mukapempha agua del grifo.

Chachikulu ndi nthawi. Nkhomaliro ndi yapakati pa 2 ndi 4 koloko masana, ndipo ndicho chakudya chenicheni cha tsiku. Mgonero umayamba cha m'ma 9 usiku. Mukapita 12 koloko kapena 6 madzulo monga tinazolowera kuno, mupeza khitchini yotseka, ndipo otsegula amakhala aja oika zithunzi za chakudya pakhomo, odikira alendo, okwera mtengo. Cocido ndi wa masana, mukamudya usiku simugona.

Inu okonda nthumbwana ndi mang'ina, amene anzathu kuno amati maguru ndi mazondo, funsani callos a la madrileña. Ndi zomwezo, zophikidwa ndi chorizo ndi paprika mpaka msuzi kumata milomo.

FUNSO: Ndinadya cocido kwa mlamu wanga ku Spain. Nditabwerera ndinayesa kuphika, koma tchana chinakhala chokukuta ngakhale chinakhala pamoto maola anayi, msuzi n'kuda bii. Ndinalakwitsa pati?
Mayi a ku Mabvuku

YANKHO: Mayi, tchana si nyemba, ndipo chimakana kuphikidwa ngati nyemba. Tiyambe ndi muyezo wa anthu 6: tchana chouma magalamu 500, nyama ya pamsongolo magalamu 500, theka la nkhuku ya chikuda imene kuno amati road runner, nyama yamafuta ya nkhumba magalamu 150, mafupa awiri a mafuta mkati, chorizo ziwiri, theka la kabichi, karoti atatu, mbatatesi zinayi, anyezi mmodzi, adyo, ndi spageti wopyapyala magalamu 150 wothyolathyola. Madzi malita atatu ndi theka. Tchana mumachipeza m'masitolo a amwenye, monga cha ku Belvedere. Sankhani choyera chachikulu, osati chakuda chaching'ono, ndipo gulani pamene katundu amayenda, chifukwa tchana chogonera zaka sichifewa ngakhale mutachita bwanji. Nkhuku ya chizungu musayese, imasungunuka ola limodzi lisanathe ndipo msuzi wake sumveka kanthu.

Viikani tchana maola 12 m'madzi ofunda, mutathiramo supuni imodzi ya mchere. Ngati madzi anu ndi a pachitsime kapena pamjigo, ndipo ketulo yanu imachita zoyera mkati, ndiye kuti ali ndi laimu wambiri, amene amalimbitsa khungu la tchana. Thiranimo kansonga ka supuni yaing'ono ka soda poviika, ndipo mutsuke bwino musanaphike.

Nyama, nkhuku ndi mafupa ziyambe m'madzi ozizira. Zikamayandikira kuwira, pamwamba pamabwera thovu lotuwa. Liwengeni ndi chipande mpaka lithe, zimatenga mphindi 15 kapena 20. Msuzi wanu unada chifukwa thovu limeneli linabwerera pansi, kapena moto unali waukali n'kumatakasa mafuta ndi madzi. Mphika uzingoti phwa, phwa, pang'onopang'ono, osati kubwadamuka.

Apa ndiye pagona nkhani. Tchana chimalowa madzi atawira kale, ndipo kuyambira pamenepo kutentha kusatsike mpaka chipse. Nyemba timaziyamba m'madzi ozizira n'kumathirira ozizira zikaphwa, koma tchana mukachidzidzimutsa ndi madzi ozizira chimauma mtima, sichibwereranso. Khalani ndi ketulo ya madzi owira pambali yothirira. Chomwechonso magetsi akazima pakati pa kuphika mphika n'kuzizira, ntchito yawonongeka. Tsiku la cocido phikani pagasi kapena pambaula ya makala okwanira. Matimati ndi viniga musaziyandikize pamphikawu, zowawasa zimaletsa kufewa.

Palinso chifukwa china chimene si cholakwa chanu. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo pamtunda wotere madzi amawira pa madigiri 95, osati 100. Chimene ku Madrid chimapsa m'maola awiri ndi theka kapena atatu, kuno chipatseni atatu ndi theka, mwina anayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene muli ndi poto wa presha, mphindi 40 mpaka 45 zikwana. Eni ake amamanga tchana m'kaukonde kuti chisabalalike, inu mukhoza kumanga m'kansalu koyera kopyapyala, momasuka, chifukwa chimafufuma.

Karoti ndi mbatatesi zilowe zosadula kutatsala mphindi 30. Kabichi ndi chorizo muphike mumphika wina, apo ayi msuzi wonse ununkha kabichi n'kufiira mafuta a soseji. Kabichiyo akapsa mukheni madzi, mumukazinge ndi adyo atatu odula ndi supuni yaing'ono ya paprika. Paprika athiridwe poto atachoka pamoto, chifukwa akapserera amawawa. Pomaliza sefani msuzi, muphikiremo spageti uja mphindi zitatu kapena zinayi. Mchere ulaweni kumapeto. Chorizo akasowa, soseji yotchedwa Russian ndi paprika woonjezera ziyandikirako, ngakhale kuti kukoma sikufanana ndendende.

Zotsala musataye. Mawa lake nyenyani nyama, muikazinge ndi anyezi ndi tchana, iwo amati ropa vieja, ndipo imayenda bwino ndi nsima.

FUNSO: Ndine Msilamu. Zonse zimene ndikumva ndi za nkhumba. Kodi ndikadya chiyani?
Achimwene a ku Mbare

YANKHO: Achimwene, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo yankholi lithandizanso abale a Sabata. Nkhumba ku Spain imabisala. Msuzi wa cocido, ngakhale uoneke woyera, unaphikidwa ndi fupa la nkhumba. Mphodza zawo za lentejas amathiramo chorizo. Timabulungwa tokazinga ta croquetas nthawi zambiri timakhala ndi jamón, yomwe ndi nyama ya ntchafu ya nkhumba youmitsa ndi mchere. Nawonso makeke ofumbutuka a Khirisimasi otchedwa polvorones ndi mantecados amapangidwa ndi mafuta a nkhumba, papaketi amalemba manteca de cerdo. Kunena kuti simudya nyama sikukwanira, chifukwa ena tizidutswa ta jamón m'masamba sationa ngati nyama. Safunsa anadya phula. Lembani mawu awa pafoni: sin cerdo, sin jamón, sin chorizo, sin tocino.

Zodya zilipo zambiri. Tortilla de patatas ndi mazira, mbatatesi ndi anyezi basi. Pisto ndi matimati, tsabola wosawawa ndi zukini, dzira pamwamba. Nsomba ya bacalao yokazinga ya ku Casa Labra, pafupi ndi bwalo la pakati pa mzinda la Puerta del Sol, anthu amaiimira pamzere, ndipo malowa alipo kuyambira 1860. Buledi woika calamares (nyama ya m'nyanja yotchedwa squid) wa kuzungulira bwalo la Plaza Mayor alibe nkhumba, koma a Sabata amulambalale chifukwa calamares alibe mamba. M'makona a misewu mumakhala amalonda ndi mbaula zawo akuotcha castañas, mtedza waukulu wa mumtengo umene amaupereka m'kapepala kopinda, wotentha moti umafunditsa manja. Ambiri amaotchanso mbatata ya kholowa, fungo lake lokumbutsa kumudzi. Nyama ya halaal ikupezeka ku Lavapiés, kumene kuli malo odyera ambiri a anthu a ku Morocco, Senegal ndi Bangladesh. Mzikiti waukulu uli m'mbali mwa msewu wa M-30, unatsegulidwa mu 1992.

FUNSO: Ndinayesa kukazinga churros kunyumba, anaphulika mafuta n'kundiwotcha dzanja. Kodi anthu amawapanga bwanji?
Achemwali a ku Dzivarasekwa

YANKHO: Pepani achemwali, ngozi imeneyi ndi yodziwika. Churros si mandasi. Mtanda wake ndi fulawa wamba magalamu 250, madzi mamililita 250 ndi supuni yaing'ono ya mchere. Mulibe dzira, yisiti kapena shuga, ndipo fulawa wodzifufumitsa yekha sayenera. Madzi awire ndi mchere, muwakhuthulire pafulawa nthawi imodzi, mutakase ndi mthiko mpaka zigwirane ngati nsima yolimba. Chimaphulitsa ndi mpweya wotsekeredwa mkati. Kunja kumauma msanga, nthunzi ya mkati imasowa potulukira. Ndicho chifukwa chake ku Spain amagwiritsa chipangizo chotchedwa churrera chimene chimapanikiza mtanda mwamphamvu, ndipo kamwa yake ndi ya nyenyezi. Mizere ija si yokongoletsa, imathandiza kuti kutentha kufike pakati msanga. Ngati mukugwiritsa thumba lokongoletsera keke, kandani mtanda ukadali wofunda, muutsindire bwino m'thumbamo, kamwa ikhale ya nyenyezi ndipo churro asanenepe kuposa chala. Osawaumba ndi manja. Mafuta atenthe madigiri 190, kazingani atatu kapena anayi pakamodzi, nkhope ili patali.

Chokoleti chake ndi choviika, osati chopapira. Tenthetsani mkaka theka la lita, musungunuliremo chokoleti chakuda magalamu 150, kenako supuni imodzi ya cornflour yosungunula kaye mu mkaka wozizira. Takasani mpaka chikhale ngati phala la mwana. Mukadzafika ku Madrid, pitani ku Chocolatería San Ginés, ya mu 1894, m'kanjira kopapatiza pafupi ndi Puerta del Sol. Lawaninso porras, akuluakulu ndi ofewa mkati.

FUNSO: Ndili ndi masiku atatu okha msonkhano ukatha, ndalama ndi zochepa. Ndione chiyani?
Bambo a ku Glen View

YANKHO: Bambo, tsiku la chisanu mulikonze motsatira dzuwa. Zapanja zikhale pakati pa 11 koloko ndi 5 madzulo, zamkati zikhale kukada, ndipo mwayi wake maola aulere a nyumba za zojambula amagwera nthawi yomweyo. Ku Museo del Prado, imene inatsegulidwa mu 1819, mumalowa ulere kuyambira 6 mpaka 8 madzulo Lolemba mpaka Loweruka, ndi 5 mpaka 7 Lamulungu. Fikani kutatsala mphindi 45 chifukwa mzere umatalika, ndipo mzerewo ndi wapanja. Maola awiri sakwanira nyumba yonse, ndiye musathamangethamange. Lunjikani pa chithunzi cha Las Meninas chojambulidwa ndi Velázquez mu 1656, muime patali pang'ono, muone mmene wojambulayo akukuyang'anirani inuyo. Kenako zipinda za Goya. Ku Reina Sofía kuli Guernica ya Picasso ya mu 1937, ulere ndi 7 mpaka 9 usiku kupatula Lamulungu, ndipo Lachiwiri amatseka. Ku Thyssen ulere ndi Lolemba kuyambira 12 mpaka 4 koloko.

Pakati pa mzinda ndi poyenda wapansi. Kuchokera pa Puerta del Sol kudzera pa Plaza Mayor mpaka kunyumba yachifumu ya Palacio Real, ya zipinda zoposa 3,000, ndi mphindi zosapitirira 20. Pitirirani mpaka pa Templo de Debod, kachisi wakale amene dziko la Egypt linapereka mu 1968, mukafike cha m'ma 5 kuti muone dzuwa likulowa. Paki ya Retiro ndi ya masana, koma kukakhala mphepo yamkuntho amaitseka poopa nthambi. Lamulungu m'mawa kuli msika wa El Rastro, wa zakale ndi kaunjika, umene umatha cha m'ma 3 koloko. Kumeneko, pa Sol ndi mu Metro, sitima za pansi panthaka zija, opisa m'matumba ndi akatswiri. Chikwama chikhale kutsogolo, foni isakhale m'thumba la jekete lakunja. Okonda mpira, bwalo la Santiago Bernabéu lili pa Metro nambala 10, tikiti yoonera mkati gulani pa intaneti.

Tsiku lachitatu tulukani mumzinda. Toledo ndi mphindi 33 pasitima kuchokera kusiteshoni ya Atocha. Segovia ndi theka la ola kuchokera ku Chamartín, koma siteshoni ya Guiomar ili kunja kwa tauni, muyenera kukweranso basi, ndipo kumeneko kumazizira kuposa ku Madrid chifukwa ndi mamita 1,000. Ife tingasankhe Segovia chifukwa cha ngalande ya madzi ya Aroma, miyala ikuluikulu yosanjikizana popanda chomatira, itaima pakati pa tauni. Za mayendedwe, gulani khadi ya Tarjeta Multi, muikemo maulendo 10, ndipo anthu angapo angagwiritse khadi imodzi. Metro imayenda kuyambira 6 m'mawa mpaka 1:30 usiku.

FUNSO: Ana akufuna kuona chipale chofewa, ndipo tidzakhalako pa Chaka Chatsopano. Tipite kuti?
Mayi a ku Tafara

YANKHO: Mumzinda musawalonjeze, mayi. Chipale chimagwa mwa apo ndi apo. Chija cha mkuntho wa Filomena mu Januwale 2021, chimene chinatseka misewu ndi bwalo la ndege, chinali chosaoneka kwa zaka makumi angapo. Kwerani basi 691 pa Moncloa kupita ku Puerto de Navacerrada, mamita 1,858, mutaona kaye zanyengo. Pitani pakati pa sabata, ndipo tengani masokosi osinthira, chifukwa nsapato za nsalu zimanyowa mphindi khumi zisanathe.

Usiku wa pa 31 Disembala munthu aliyense amadya mphesa 12, imodzi pa kulira kulikonse kwa belu la wotchi ya pa Puerta del Sol. Alendo amalakwitsa poyamba msanga. Koyamba kumatsika mpira wa pawotchiyo, kenako kumalira mabelu anayi ofulumira otchedwa cuartos, amenewo si odyera. Akatha m'pamene 12 enieni amayamba, motalikirana masekondi atatu. Gulani mphesa zazing'ono zopanda njere, ndipo ana aang'ono muwadulire, mphesa yathunthu imatsamwitsa. Pabwalopo apolisi amawerenga olowa ndipo siteshoni ya Sol imatsekedwa, choncho ndi ana ndi bwino kuonera pa TV monga mabanja ambiri amachitira. Tsiku lenileni la ana ndi madzulo a pa 5 Januwale, pamene mdipiti wa Mafumu Atatu umadutsa mumzinda. M'mawa wa pa 6 amadya roscón de Reyes, buledi wotsekemera wonga nkhata. Mkati mwake amabisamo kachidole ndi nyemba youma, wopeza kachidole amavala chisoti chachifumu, wopeza nyemba ndiye amalipira. Lumani mosamala.

FUNSO: Kodi ndingatengere mwana wanga nyama yofutsa ndi ufa?
Agogo a ku Epworth

YANKHO: Nyama ayi, agogo. Malamulo a European Union amaletsa wapaulendo wochokera kuno kulowa ndi nyama kapena za mkaka, kaya ndi yofutsa, biltong kapena ya m'chitini, ndipo akaipeza pabwalo la ndege la Barajas amalanda, nthawi zina n'kulipiritsa chindapusa. Ufa tengani wa m'paketi yosatsegula ya kusitolo. Musaiwale adaputala ya magetsi, chifukwa masoketi awo ndi a mabowo awiri ozungulira, pulagi yathu ya mano atatu silowa. Mthiko ikani m'sutikesi, kumeneko simukaupeza.